Mlonda wa pa Mphunzi

Ntchito yanga ndi kulondera zinthu
zimene sindidziwa kuyatsa.
Matabuleti makumi atatu ndi awiri
amagona m'kabati yachitsulo,
iliyonse chingwe kukamwa
ngati ana a nkhumba pamawere a make,
kuyamwa dzuwa limene sola yatunga masana.
Ine panja, chibonga m'khwapa, majekete awiri,
mphepo yotsika m'phiri ikundiwerenga nthiti.

Kukacha sindifulumira kuweruka.
Ndimazengereza pansi pa zenera,
kunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

Amafika nkhungu ili m'tsitsi,
mbatatesi yootcha m'thumba la yunifolomu.
"Pukutani manja!" amatero a Nangozo.
Mwezi wa Juni zala zimauma ngati tizitsotso,
ndiye amayamba aziuzira mpweya,
ena kuzibisa m'khwapa,
kenako galasi layaka pamaondo.

Wachitatu kuchokera kukhomo ndi Mwatitha,
chitsirizira changa, mano awiri akutsogolo palibe.
Zomvera m'makutu zimamukulira,
amazigwiriziza ndi phewa.
Lilime panja, akulondola timadontho,
kukwera, kukhota, kutsika,
chilembo chikutuluka kunsonga kwa chala
ngati nyerere yotsata shuga.
M'katimo muli mayi wina wosaoneka.
Mwana akaphonya, amangoti, "Yesanso."
Sakweza mawu. Satuma munthu kukathyola ndodo.

Ine ndinatumidwa.
Nthambi ya pichesi, ndinasankha ndekha,
chifukwa choko ndinagwirira kumanzere.
Tsiku lachinayi ndinatsata ng'ombe za amalume
ndipo sukulu sinabwere kudzandifunsa.
Mwatitha naye ndi wamanzere.
Galasi silinamufunsepo kuti dzanja liti.

Mwezi ukatha, mlembi wa komiti
amanditsegulira kabokosi ka inki.
Ndimadinda chala chachikulu pafupi ndi dzina
limene amati ndi langa.
Ndimakhulupirira. Nanga nditani?
Pansi pa thanthwe kuphiri kuja
pali zojambula zoyera za anthu akalekale,
nawonso ndi chala basi,
koma iwo ankadziwa chimene akunena.

Lachisanu lapitali, nthawi yopuma,
a Nangozo anandipeza ndikumanganso nsapato.
"A Sositeni, chingwecho chidzaduka. Lowani."
Ndinakhala pamkeka, maondo kufika m'makutu,
ana atadzaza pazenera pamalo panga.
Mwatitha anandiikira galasi m'manja:
"Ababa, lanu limayamba ndi kanjoka aka."

Ndinakanda. Zii.
Ndinakanikiza. Zii.
Chala chimene chakumba mbatatesi zaka makumi anayi,
chikopa chake ngati chidendene,
galasi silinachimve n'komwe.
Wina pazenera anaseka, wina namutsina.

Mwanayo anatembenuza dzanja langa
ngati akusankha tomato pamsika wa Lachiwiri,
napeza kachala kakumapeto,
kaja khasu limakaiwala.
"Yesani aka."

Kanjoka kanatuluka,
konjenjemera, konenepa pamimba,
mutu kuloza kwa Linthipe
pamene anzake amaloza ku boma.
Mayi wosaoneka uja anati, "Yesanso,"
mawu omwewo, osawonjeza mchere
poona kuti wophonyayo ali ndi imvi.

Belu linalira ndisanakawongole.

Usiku uno mwezi wachedwa.
Ndaunika tochi pansi, kuseri kwa ofesi,
pamene dothi ndi lofewa.
Tinjoka khumi ndi tiwiri tagona pamenepo,
tina tayang'ana uku, tina uko,
sindidziwa kolondola ndi kati.
M'mawa ndimuitana asanalowe m'kalasi
adzandilozere,
ndisanafufute ndi phazi.
Akuti pambuyo pa kanjoka pamabwera dzira,
kenako kanjoka kenanso.
Zinazo sanafikepo, akuti mwina temu yamawa.

M'kabatimo tikuthwanima timagetsi tobiriwira.
Galu wa aphunzitsi wauwa kawiri, waleka.
Zala zauma. Ndiziuzira mpweya.